Zimbale za nyimbo za mafilimu akuluakulu a ku Hollywood: ndi ziti zoyenera bandulo yanu

Anthu ambiri ukawafunsa za filimu yomwe amaikonda amakuuza za ndewu, za ekita, za galimoto zomwe zinaphulika, koma tangowaimbirani mluzu kanyimbo kake muone, amayamba kumwetulira okha asanakumbuke n'komwe dzina la filimuyo. Nde lero ndikufuna tikambe za mbali imeneyo, nyimbo zija zimalira pansipansi filimu ikamayenda, komanso zimbale zake zomwe amatulutsa padera, poti masiku ano zambiri zili pa Spotify ndi pa YouTube ndipo funso latsala ndi lakuti ndi ziti zoyenera kuthera bandulo. Ndikunena mafilimu akuluakulu aja amatulutsa ku America kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, nthawi yomwe kwawoko kukutentha ana ali pa holide makolo akusowa kowapititsa, ife kuno tili m'majuzi chiperoni chikuwomba. Ndi nyengo yomwe makampani a mafilimu amaponya ndalama zawo zonse, nde nyimbo zakenso zimakhala za ndalama, okestra yathunthu, anthu pafupifupi 100 m'chipinda chimodzi kuimbira filimu ya nsomba kapena ya loboti.

Muyeso wanga ndi wosavuta. Choyamba nyimboyo igwire ntchito yomwe kamera payokha ikanalephera. Chachiwiri ukaichotsa mufilimu n'kuimvera pa mahedifoni uli mu minibasi, ikhalebe ndi moyo. Zimbale zambiri zimakhoza chimodzi n'kulephera chinacho, ndipo zina zimakubera poyera, pachikuto chithunzi cha filimu koma mkatimo nyimbo yomwe umaifuna mulibe.

Tiyambe ndi Jaws ya 1975 poti ndi yomwe anthu amati inayambitsa chizolowezi chonsechi. Steven Spielberg anali mnyamata nthawi imeneyo, akujambula panyanja ku Martha's Vineyard, ndipo chishaki chopanga chomwe anakonza chinkangowonongeka, madzi a mchere ankachidya, nde masini ambiri anajambula popanda shaki kuoneka. Amene analowa m'malo mwa shakiyo ndi wopeka nyimbo John Williams ndi manotsi awiri basi, E ndi F, kubwerezabwereza, kuyamba mwaulesi kenako kumathamanga. Spielberg mwiniwake amanena kuti Williams atamuimbira koyamba pa piyano anaseka, ankayesa nthabwala. Koma taonani momwe zimagwirira ntchito. Filimu ikuyamba imakuphunzitsa kuti ukamva manotsi awiriwa ndiye kuti chilombo chafika, ndipo sikunamiza. Pali sini ija anthu ali mbwee pagombe, chipsepse chikutulukira m'madzi aliyense akuthawa kupondana, koma nyimbo zii, osalira. Kenako zikupezeka kuti anali ana awiri akusewera ndi chipsepse chabodza. Khutu lako linadziwa kale kuti si shaki ameneyo ngakhale mutu wako sunadziwe. Nde atakuzoloweza chonchi, kutsogoloku shaki weniweni akutulukira kumbuyo kwa boti pomwe wapolisi Brody akuthira nyambo m'madzi, popanda chenjezo lililonse, mtima kuchita kulumpha. Kumeneko nde kuchenjera, kukuphunzitsa lamulo n'cholinga choti adzaliphwanye pa nthawi yake. Williams analandira Oscar ndi ntchito imeneyi.

Chimbale chake nde china. Cha 1975 sichinali zomwe zimamveka mufilimu ndendende, anachijambulanso mwapadera kuti chizimveka bwino kunyumba, ndipo chodabwitsa n'chakuti mbali yokoma si ya shaki ayi, ndi nyimbo za ulendo wa panyanja zija, amuna atatu akuthamangitsa migolo yachikasu, nyimbo yosangalala ngati palibe amene adyedwe. Manotsi awiri aja paokha pa mahedifoni amatopetsa pakangotha mphindi imodzi. Nde mufilimu 10 pa 10, pa chimbale ndingapereke 7.

Star Wars ya 1977 aliyense amadziwa chiyambi chake, malipenga kuphulika limodzi zilembo zikukwera m'mwamba, London Symphony Orchestra imeneyo ikuimba za Williams yemweyo. Koma ine mphindi yanga si imeneyo. Ndi pomwe Luke wakangana ndi malume ake pa chakudya, watuluka panja wakwiya, waima pa kamtunda akuyang'ana madzuwa awiri akulowa. Palibe chomwe chikuchitika, mnyamata wangoima basi. Kenako lipenga limodzi lokha lopindapinda lija amati French horn likuyamba motsitsa, mavayolini n'kulilandira n'kukweza, ndipo m'masekondi ochepawo wamva zonse, kuti mwanayu watopa ndi pamudzi, akufuna kupita koma sakudziwa kuti apita bwanji. Aliyense amene anakhalapo pakhomo atalemba mayeso a Fomu 4 akudikira kuti moyo uyambe amaidziwa nkhope imeneyo. Mukafuna kuimvera sakani Binary Sunset, pa chimbale chomwe anatulutsanso mu 1997 ili ndi dzina limenelo. Imperial March ya Darth Vader musaisake pa chimbale choyamba, mulibe, inabwera mu 1980 ndi The Empire Strikes Back, ndipo kunena chilungamo chimbale cha Empire ndi chokhwima kuposa choyambacho.

Raiders of the Lost Ark ya 1981 ndingodutsa, kanyimbo ka Indiana Jones kaja akuti zinali nyimbo ziwiri zosiyana Williams anamupatsa Spielberg kuti asankhe, iye n'kunena kuti bwanji tingoziphatikiza. Zinatheka. Koma mverani Map Room, pomwe kuwala kwa dzuwa kukuyenda pansi kwaya ikukwera pang'onopang'ono, tsemwe limabwera lokha. E.T. ya 1982 nayo ili ndi nkhani yake, mathero ake ndi nyimbo ya mphindi pafupifupi 15 osaduka, kuyambira pothawa pa njinga mpaka potsanzikana, ndipo Williams ankavutika kuti ayenderane ndi zithunzi, nde Spielberg anazimitsa filimuyo n'kumuuza kuti ingoimbitsani momwe mukumvera mumtima, ine ndikadula filimuyi kuti itsatire inuyo. Dayilekita kugonjera woimba, sizichitika kawirikawiri zimenezo. Ndichifukwa chake njinga zija zikanyamuka kuuluka pamwamba pa apolisi zimachita kugwirana bwinobwino ndi mavayolini.

Tsopano pa Jurassic Park ya 1993 ndikhalapo pang'ono chifukwa kwa ine ichi ndi chimbale choyamba kudawunilodi ngati bandulo ndi yochepa. Thiraki yotchedwa Journey to the Island, pafupifupi mphindi 9, ili ndi zonse. Imayamba ndi helikopita ikuyandikira chilumba, malipenga akuimba monyada ngati olowa mumpikisano, kenako imatsika, magalimoto akuyenda mu udzu, kenako imafika pomwe Dr Grant akuvula magalasi manja akunjenjemera n'kumutembenuza mutu mnzake uja kuti taona uko. Apa woimba wina aliyense akanaika zoopsa, ng'oma, phokoso, paja ndi chinyama chotalika kuposa nyumba yosanja. Williams anaika nyimbo yofatsa yonga ya mu tchalitchi, yoyenda pang'onopang'ono, moti suona chilombo, umaona chinthu chokongola chomwe sumayenera kuchiona ndi maso ako. Ndipo kumbukirani kuti ma dinosaur a pa kompyuta nthawi imeneyo anali achilendo, anthu akanatha kuseka, nyimboyo ndi yomwe inauza anthu kuti khulupirirani. Koma chomwe chimandisangalatsa kwambiri ndi pomwe nyimbo palibe. Sini ya T. rex ija, mvula ikugwa, magetsi a mpanda azima, madzi a mu kapu akugwedezeka, ana ali mu galimoto, kuyambira poyamba mpaka pomaliza palibe noti ngakhale imodzi. Mvula, kupuma, zitsulo kuphwanyika basi. Munthu woti ali ndi okestra yonse m'manja n'kusankha kukhala chete pa sini yaikulu kuposa zonse, amenewo nde akamuna.

Vuto la chimbalechi ndi dongosolo. Nyimbo sizikutsatana momwe zilili mufilimu, yomwe ikutchedwa Welcome to Jurassic Park ili pakati koma kwenikweni ndi ya kumathero, pa helikopita pobwerera piyano ikulira yokha, ndipo mbali ina ya nyimbo yomweyo anaibwerezanso kumapeto ngati kuti sitiona. Zazing'ono izo. Chaka chomwecho Williams anapekanso za Schindler's List ndipo Oscar anatengera kumeneko, za ma dinosaur sizinalowe n'komwe pa mndandanda wa opikisana.

Nde tibwere pa zimbale zokubera zija. Back to the Future ya 1985, Alan Silvestri anapeka nyimbo yamphamvu zedi, ndipo sini ya pa wotchi ija, Doc akulendewera m'mwamba waya wazuka, Marty galimoto yakana kulira, mphezi ikubwera pa 10:04, theka la thukuta lomwe umatuluka ndi la nyimboyo. Ukagula chimbale cha chaka chimenecho umapezamo zidutswa ziwiri zokha za Silvestri, zotsalazo ndi Huey Lewis and the News ndi anzawo. The Power of Love ndi nyimbo yabwino sindikukana, koma si yomwe ndinabwerera. Zonse za Silvestri zinadzatuluka mu 2009, patatha zaka 24, nde posaka onetsetsani kuti mwatenga imeneyo. Batman ya 1989 anachita zomwezo koma mwaulemu pang'ono, anatulutsa zimbale ziwiri, cha Prince chomwe chinakhala nambala 1 ku America, ndi cha Danny Elfman chomwe chinatuluka pambuyo pake. Cha Prince n'cha okonda Prince. Cha Elfman ndi chomwe chili ndi Batman mkati, makamaka Descent into Mystery, galimoto yakuda ija ikuthamanga mu nkhalango usiku masamba akuuluka kwaya ikunong'ona, mphindi imodzi ndi theka basi koma eeh.

Top Gun ya 1986 ndi yosiyana chifukwa pamenepo nyimbo za mawu ndi zomwe zinanyamuladi filimu, nde palibe wabedwa. Belu lija likulira poyamba, utsi pa sitima ya ndege, anthu akukodolana ndi manja dzuwa likutuluka, Harold Faltermeyer akukoka pang'onopang'ono kenako ndege ikangonyamuka Danger Zone ya Kenny Loggins n'kulowa. Take My Breath Away ya Berlin inatenga Oscar. Pomwe anapanga Top Gun: Maverick mu 2022 anayamba filimu chimodzimodzi, belu lomwelo, nyimbo yomweyo, anadziwa kuti zosathyoka sakonza. Chimbale cha 1986 n'chabwino pa ulendo wautali, kungoti pakati pali nyimbo zina zomwe zinakalamba moipa.

Ambiri a ife Terminator 2 ya 1991 tinaionera mu vidiyo shoo, pa benchi, sipika imodzi ili panja kuitanira makasitomala, ndipo ngakhale pamenepo kugunda kwa chitsulo kuja kunkamveka. Brad Fiedel analibe okestra, anali ndi makiyibodi, ndipo iye amati kulira kwa chitsuloko pa filimu yoyamba ya 1984 anakupeza pomenya chiwaya ndi hamala. Zinayenera, filimu ya makina nyimbo ya makina. Mphindi yake ndi ya kumathero, loboti ikutsitsidwa mu chitsulo chosungunuka chala chachikulu chili m'mwamba, kanyimbo komwe kanali koopseza filimu yonse kasanduka ka maliro. Koma chimbale chonse kuchimvera pachokha ayi ndithu, ndi phokoso la mu fakitale, tengani thiraki yoyamba ndi yomaliza muzipita. Ndipo poti tatchula za vidiyo shoo, ndinene pano kuti mafilimu omasulira m'Chichewa aja ndimawakonda pa nthabwala zake, koma amapha nyimbo. Womasulira akamalankhula amatsitsa mawu a filimu, nde pomwe wopeka nyimbo anakonza kuti pakhale chete kapena lipenga limodzi, pamenepo m'pomwe mkulu uja akufotokoza kuti apa nde zavuta. Ngati filimu munaionera njira imeneyo yokha, nyimbo zake simunazimve, kaipezeni ina yosamasulira.

The Lion King ya Juni 1994. Apa pali nkhani zingapo ndipo zina n'zowawa. Mawu oyamba omwe mumamva dzuwa likutuluka, kufuula kwa Chizulu kuja, ndi a Lebo M, Lebohang Morake, mwana wa ku Soweto yemwe anachoka kwawo ali wachichepere nthawi ya tsankho n'kukathera ku America. Wopeka nyimbo Hans Zimmer anali atagwira naye kale ntchito pa The Power of One ya 1992, nde atapatsidwa filimu ya mikango anamusakasaka. Taganizirani, Epulo 1994 South Africa ikuvota koyamba anthu onse, miyezi iwiri yotsatira dziko lonse lapansi likumva mawu a munthu wa ku Soweto akutsegula filimu yomwe inadzakhala yaikulu chaka chimenecho. Sindikudziwa chiyambi china cha filimu chomwe chimakugwira pakhosi mwachangu chonchi, sekondi yoyamba yomwe. Elton John ndi Tim Rice ndi omwe analemba nyimbo za mawu ndipo mayina awo ndi omwe anali akuluakulu pachikuto, koma chotsani Lebo M ndi makwaya ake muone chomwe chitsale.

Ndipo mbali ya Zimmer ndi yolemera kuposa momwe filimu ya ana imafunira. Iye bambo ake anamwalira ali mwana wamng'ono, ndipo amanena kuti nyimbo ya imfa ya Mufasa anailemba ngati yolira bambo akewo. Mverani To Die For, nyumbu zikutsika phiri kwaya ikukuwa, kenako fumbi likutha, kamwana kakuyenda kokha kakuitana, nyimbo yatsika mpaka pansi. Kenako King of Pride Rock, Simba akukwera thanthwe mvula ikugwa, kanyimbo komwe kaja kabwerera koma tsopano kaimirira. Zimmer Oscar yake yoyamba ndi imeneyi. Koma chimbale cha 1994, chomwe chinagulidwa makope opitirira 10 miliyoni ku America kokha, chili ndi zidutswa zinayi zokha za Zimmer pa nyimbo 12, zitatu ndi Elton John kubwereza nyimbo zomwe mwamva kale. Sakani cha Legacy Collection cha 2014, chimenecho nde chathunthu. Ndipo ngati mumakonda mbali ya Lebo M pali china cha 1995, Rhythm of the Pride Lands, momwe muli He Lives in You, ambiri sachidziwa koma n'chokoma kuposa nyimbo zina za mufilimu mwenimwenimo.

Chowawa n'chakuti mufilimu yomweyi Timon ndi Pumbaa amaimbako The Lion Sleeps Tonight, yomwe gwero lake ndi Mbube ya Solomon Linda, yojambulidwa ku Johannesburg mu 1939. Linda anamwalira mu 1962 ali wosauka pomwe nyimbo yake ikupangira ena ndalama kunja. Ana ake anachita kukasuma, ndipo mgwirizano unadzatheka mu 2006. Nde ndikamamvera chimbale chimenechi ndimasangalala koma ndimakumbukiranso kuti mawu a kuno kumwera kwa Africa akhala akudyetsa anthu ena kwa nthawi yaitali.

Kuchokera apo Zimmer anakula mpaka kuphimba aliyense, ndipo apa m'pomwe ine ndi anzanga ena timasiyana. Gladiator ya 2000 ndilibe nayo mawu, Lisa Gerrard akuimba m'chilankhulo chomwe anangopeka yekha, dzanja likusisita tirigu, Now We Are Free kumathero, chitoliro cha ku Armenia chija amati duduk choimbidwa ndi Djivan Gasparyan, zonsezo zimagwira. The Battle nayo ndi yamphamvu ngakhale imafanana kwambiri ndi Mars ya Gustav Holst moti oyang'anira nyimbo za Holst anakasuma. Koma tamverani The Battle kenako muike He's a Pirate ya mu Pirates of the Caribbean ya 2003, mundiuze ngati si pachibale. Ya Pirates pachikuto analemba Klaus Badelt chifukwa Zimmer anali atagwidwa ndi The Last Samurai, koma dzanja lake likuoneka, ndipo inapangidwa mothamanga Silvestri atachoka pa ntchitoyo. Zimamveka kuti inali yothamangira. He's a Pirate ndi mphindi imodzi ndi theka ya moto, ndimavomera, ukaimva umafuna kuthamanga, koma chimbale chonsecho ndi kanyimbo kamodzi kovala malaya osiyanasiyana. Ngati mukufuna za Pirates zenizeni tengani At World's End ya 2007, thiraki ya Up Is Down pomwe akugwedeza sitima kuti itembenuzike, pamenepo nde anakhala pansi n'kuganiza.

The Dark Knight ya 2008, Zimmer ndi James Newton Howard, Joker anamupatsa noti imodzi yokha ya cello yomwe imangokwera, kukwera, osafika, mpaka mano kuchita kuyabwa. Mufilimu ndi nzeru zoopsa, ukangoimva m'mimba mumatentha, ndipo ndi mdzukulu wa manotsi awiri a Jaws aja. Pa chimbale Why So Serious ndi mphindi 9 ndipo pakati pake pali pomwe mawu amatsika kwambiri moti pa sipika ya foni mungaganize kuti yazima. Osamvera pa foni imeneyo, ndipo osamvera usiku muli nokha. Inception ya 2010 ili ndi kachinsinsi kabwino, kulira kwa malipenga kwakukulu kuja ndi chiyambi cha nyimbo ya Édith Piaf yomwe amadzutsirana nayo mufilimu, kungoti yachedwetsedwa kwambiri, monga momwe nthawi imachedwera ukalowa m'maloto. Ndipo Time, yomaliza ija, makodi ochepa omwewo kuzungulira, piyano, kenako mavayolini, kenako gitala ya Johnny Marr, kenako zonse n'kugwa kutsala piyano yokha. Ndi yokongola, palibe angatsutse, ngakhale yatha ntchito ndi mavidiyo a pa Facebook a anthu olimbikitsa anzawo kudzuka 4 koloko m'mawa.

Dandaulo langa si Zimmer mwiniwake koma zomwe anabereka. Pambuyo pa Inception aliyense anayamba kuika chiphokoso chija, thirela iliyonse bwaaa, filimu iliyonse ng'oma ndi mabesi, ndipo kwa zaka zingapo nyimbo za mafilimu akuluakulu zinkangomveka ngati chigayo cha dizilo, chikulira mwamphamvu tsiku lonse koma ukachokapo palibe chomwe ungaimbe. Yesani nokha, tchulani mafilimu a Marvel omwe munaonera, nanga ndi angati omwe mungaimbe kanyimbo kake ndi mluzu? Ambiri amakanika. Yomwe inapulumuka ndi ya Avengers, ndipo n'zosadabwitsa kuti ndi ya Silvestri yemwe uja wa Back to the Future. Portals ya mu Endgame ya 2019, Captain America waima yekha chishango chathyoka, kenako zibowo zamoto zikutseguka kumbuyo kwake, nyimbo ikukwera sitepe ndi sitepe, ikusintha kiyi, ikukweranso, ndipo kanyimbo ka Avengers akukasunga osakatulutsa mpaka mawu awiri aja, Avengers assemble, atanenedwa. Anadikira nako, ndichifukwa chake kanaphulika. Chimbale chonse cha Endgame n'chachitali mopitirira muyeso, Portals ndi Main on End basi zakwana.

Phokoso lomwe ndimalikhululukira ndi la Mad Max: Fury Road ya 2015, yomwe mbali yaikulu anajambula m'chipululu cha ku Namibia. Tom Holkenborg, yemwe amadziwikanso kuti Junkie XL, anadzaza ng'oma, koma filimuyo inachita kuika oimba ng'omawo pa lole mkati mwa nkhani, ndi mkulu wina womangidwa pa zingwe akuimba gitala yotulutsa moto weniweni, nde phokosolo lili ndi kwawo. Brothers in Arms, pomwe njinga zamoto zikudumpha pamwamba pa thanki, ndi ya ku jimu imeneyo. Guardians of the Galaxy ya 2014 inapita njira ina, Awesome Mix Vol. 1, nyimbo zakale za m'ma 1960 ndi 1970 zomwe mufilimu ndi kaseti yomwe mayi anasiyira mwana wake, nde nyimbo iliyonse ili ndi chifukwa chokhalira pamenepo. Chinafika nambala 1 ku America chopanda nyimbo yatsopano ngakhale imodzi. Poyambira paja, malo amdima oopsa, munthu n'kuvala mahedifoni kuyamba kuvina Come and Get Your Love ya Redbone akumenya mateche tizilombo, pamenepo filimu inakuuza kuti ndine wotani. Ichi mutha kuika pa braai anthu osadandaula. Black Panther ndikanaikamba kwambiri, Ludwig Göransson anapita ku Senegal kukayenda ndi Baaba Maal ndipo mawu ake aja polowa mu Wakanda ndi ena mwa abwino kwambiri, kungoti inatuluka mu Febuluwale 2018, si ya nyengo yomwe tikukambayi. Imvereni basi.

Göransson yemweyo ndi amene wandibwezera chikhulupiriro ndi Oppenheimer ya Julayi 2023, yomwe inatuluka tsiku limodzi ndi Barbie, ndipo onse awiri anakatenga Oscar ya nyimbo, iye ya nyimbo za filimu yonse, Billie Eilish ndi mchimwene wake Finneas ya nyimbo ya mawu. Can You Hear the Music siikwana n'komwe mphindi ziwiri, mavayolini akuthamanga n'kumasintha liwiro kangapo konse osaduka, ngati mutu wa munthu woganiza kwambiri, ndipo oimba ake anaijambula yonse ulendo umodzi osati kulumikiza zidutswa. Koma filimu yomwe nyimbo zake sizipuma kwa maola atatu, pofika pa bomba lenileni, batani litadinidwa, zonse zii. Kuwala kokha ndi kupuma kwa anthu, phokoso likubwera mochedwa monga zimakhalira zenizeni poti kuwala kumathamanga kuposa mawu. Ndi njira yomwe ija ya T. rex, patatha zaka 30. Chimbale chake n'chachitali, mphindi zopitirira 90, ndipo theka lachiwiri ndi la misonkhano ndi mafunso, limakoka. N'chabwino powerenga kapena pogwira ntchito pa kompyuta, osati poyendetsa galimoto usiku.

Nde ngati bandulo ikulola zitatu zokha, ine ndinganene Jurassic Park, The Lion King ya Legacy Collection, ndi The Empire Strikes Back, Gladiator ikudikira pakhomo ngati patsala ma MB. Zinazo tolani thiraki imodziimodzi mupange pulelisiti yanu, palibe chifukwa chodawunilodira mphindi 70 za ng'oma chifukwa cha mphindi zitatu zabwino. Dawunilodani pa wifi kapena pa bandulo ya usiku, ndipo chonde pezani mahedifoni ooneka bwino, ngakhale otchipa a mu msika bola akhale otseka makutu onse awiri, chifukwa nyimbo za okestra zimatsika kwambiri kenako n'kukwera mwadzidzidzi, pa sipika ya foni mbali zotsikazo zimasowa ndipo ma cello ndi mabesi simuwamva n'komwe. Okonda Zimmer ndikudziwa mubwera kudzanditsutsa pa nkhani ya Pirates, bwerani, koma muyambe mwamvera The Battle.